Fodya amene aNasibeko anasakaniza

Ndikakumbukira aNasibeko, ndimamva fungo la fodya wonyala m'chigafa, ndipo ndimaona zala zawo zakuda bii ndi utomoni zikusoka masamba uku akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Tinayandikana nyumba pa esiteti ina ku Simlemba, ndipo ndiwo ankatsogolera kagulu ka amayi a mpingo.

Nthawi imeneyo ku Mozambiki kunali nkhondo. Pakati pa matenanti anzathu panali mabanja awiri othawa kumeneko, la a Zuze ndi la a Fulansisiko. Mudzi wa a Zuze unatenthedwa ndi gulu limene mng'ono wa a Fulansisiko ankamenyera nkhondo, choncho awiriwa sankapatsana ngakhale moni. Tsiku lina anatengerana zikwanje. Kapitawo anati zikachitikanso awathamangitsa onse, fodya yemwe asanagulitse. Ine ndinalira, chifukwa Maliya, mwana wa a Zuze, anali mnzanga wapamtima, ndipo kwawo kunalibe kobwerera.

"Pa wailesi akuti a mipingo akunyengerera akuluakulu a nkhondo kuti akhale pansi," anatero aNasibeko kwa amayi anga. "Nanga ife awiri okhawa atikanike?"

Anayesa kuwaitanira kumapemphero, onse anakana. Ndiye m'mawa wina, abambowo ali kumunda, aNasibeko ndi amayi a mpingo aja anabwera ngati odzathandiza kusoka. Anatenga fodya wa a Zuze ndi wa a Fulansisiko, n'kumusoka mophatikiza, n'kumuyanika pa mikangala imodzimodzi. A Zuze atabwera anafunsa mwaukali.

"Mayi, wanga ndi uti apa?"

"Pepanitu bambo, maso aukalamba," anayankha aNasibeko, amene ankatha kuona nsabwe m'mutu mwanga ali patali. "Musankhe nokha ndi anzanuwo."

Kusankha fodya si ntchito ya tsiku limodzi. Abambowo anakhala pamphasa imodzi, amayi atawazungulira, akukangana za masamba, mpaka tsiku lina a Fulansisiko anaulula akulira kuti mng'ono wawoyo anachita kugwidwa ndi gulu lija ali kusukulu, ndipo sakudziwa ngati ali moyo. Mawa lake a Zuze anabwera ndi chigubu cha thobwa ndi makapu awiri.

Sanasanduke mabwenzi, ayi, koma zikwanje zinabwerera kumunda. ANasibeko anamwalira ndisanadziwe kuti zinthu zotere munthu amathokoza, ndipo zimandipweteka. Maliya sanachoke. Ndi amene anasambitsa mwana wanga woyamba, ndipo dzina anamutcha ndi iyeyo: Mtendere.