Tambala amene ndinawamana amayi anga

Ndinawamana amayi anga nkhuku. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndikayamba kuzungulira ndipeza podzikhululukira, ndipo sindikufuna kutero. Inu owerenga, makamaka inu amene mwangoyamba kuweta nkhuku kuseri kwa nyumba, ndimvereni bwino, pakuti cholakwa changachi munthu amachichita akudziona ngati wanzeru.

Kwathu ndi ku Chezi, ku Dowa, koma ndimakhala ku Malomo, ku Ntchisi, kumene amuna anga amaphunzitsa pasukulu ya pulayimale. Titangosamukira kumeneko ndinalibe chochita chenicheni. Munda unali waung'ono, ana akapita kusukulu tsiku linkatalika. Nditapita kukacheza kumudzi ndinawadandaulira amayi. Tsiku lobwerera anangondigwirira misoti iwiri, wofiira ndi wamawanga, n'kuimanga miyendo ndi luzi. Anati pakhomo panga pasamakhale zii, pazikhala kanthu kopalasa pabwalo.

Chaka choyamba ndinaweta mwaumbuli. Nkhuku zinkagona pakona m'khitchini, tambala tinkadalira wa aneba. Anapiye ataswa, kabawi ankangotola mmodzimmodzi ine ndikuona. Kutentha kutafika chinabwera chitopa, n'kusesa zonse kupatula thadzi lamawanga lija. Ndinalira ndithu, mpaka anzanga kudabwa kuti mayi wamkulu akulirira nkhuku.

Apa m'pamene ndinapita kwa alangizi a ziweto. Anandiuza kuti ndimange khola lam'mwamba, kuti zitosi zizigwera pansi ndipo likongwe asamakwere. Tinadula nsungwi, tinafolera ndi udzu, amuna anga n'kukhoma kamakwerero kokhota kamene mpaka lero timawaseka nako. Ndinaphunzira kuthira phulusa m'zisa chifukwa cha utitiri, kuvindikira anapiye ndi dengu kunja kukacha, ndi kudontheza katemera m'diso la nkhuku iliyonse nthawi yake ikakwana. Ndinagula tambala wanga ndi misoti ina itatu. Zonsezi zinali zabwino, ndipo ndikadakulangizani kuti muchite chimodzimodzi.

Choipa chinali lamulo limene ndinadziikira ndekha. Ndinalumbira kuti pakhomo panga sipadzaphedwa nkhuku, ngakhale dzira kuphikidwa, mpaka zitakwana makumi atatu. Alangizi sananene zimenezo, ndi mantha anga amene anandiuza. M'mawa uliwonse ndinkaziwerenga zikamatsika, madzulo n'kuziwerenganso zikamakwera. Amuna anga ankandiseka kuti nkhukuzo ndizilembetse m'kaundula wa sukulu, popeza sizijomba. Ana anazolowera kungomeza malovu.

Mwezi wa Juni, anthu atatha kukolola, amayi anabwera kudzationa. Anakwera minibasi, n'kumalizira pa kabaza, atafunda nsalu ziwiri chifukwa cha mphepo ya kuno. Nditawalandira katundu ndinaona kuti aonda. Mkono wawo unali wopepuka m'dzanja langa. Anati si kanthu, ndi kuthamanga kwa magazi chabe, ndiponso masiku amenewo chakudya sichinkawakomera m'kamwa.

Asanalowe n'komwe m'nyumba anafuna kuona khola. Analizungulira kawiri, akugwedeza mizati, akusuzumira m'zisa. Ataona thadzi lamawanga likutsogolera anapiye, anaseka n'kuomba m'manja ngati aona mdzukulu. Nthawi imeneyo nkhuku zinali makumi awiri ndi ziwiri, ndipo pakati pake panali atambala atatu. Ndikuuzeni zoona, wachitatuyo analibe ntchito. Ankangomenyana ndi anzake ndi kutha gaga.

Tsiku lachiwiri tinakhala pamphasa tikutongola chimanga. Tambala uja anadutsa pafupi, wakuda, wonenepa, khosi likunyezimira. Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, “Koma ameneyu wakula bwino, mwana wanga. Wakwana ndithu.”

Inu owerenga, munthu wa kwathu sapempha nkhuku. Mawu amenewo ndiwo anali pempho lonse, ndipo ndinawamva bwinobwino. Koma ndinaweramira m'lichero n'kuyamba kufotokoza za katemera. Amuna anga ananditengera kuseri n'kundinong'oneza kuti, “Mayi a ana, apongozi abwera kuchokera kutali. Tiwagwirire wakuda uja.” Ndinawayankha kuti zatsala zisanu ndi zitatu zokha, amayi adzabweranso pa Khirisimasi, ndipo pamenepo ndidzawaphera ziwiri. Anandiyang'ana, n'kungotenga mabuku awo kupita kusukulu.

Amayi anakhala nafe masiku asanu. Ndinawaphikira nyemba, mpiru wotendera, usipa, ndi nyama ya soya ija ya m'mapepala. Ankadya pang'ono, n'kuyamikira kwambiri. Sanamutchulenso tambala. Ponyamuka anandigwira dzanja n'kunena kuti ndine mayi wosamala zinthu, ndapambana iwo. Ine wopusa ndinanyadira, ndipo ndinawaperekeza kusiteji mtima uli m'malo.

Khirisimasi sanaione. Mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo, mng'ono wanga amene ankakhala nawo kumudzi anandiimbira foni kuti amayi agwa kudimba akuthirira tomato. Pamene ndinkafika kuchipatala n'kuti atatsamira kale mkono. Tsiku lotsatira amuna anga anabwera ndi nkhuku zisanu mudengu, zoti zithandize pamaliro, ndipo wakuda uja anali momwemo. Lamulo langa lija palibe analikumbuka, ngakhale ine mwini.

Koma chimene chinandithyola mtima chinabwera titaika kale maliro. Ndinakhala m'nyumba ndi amayi a chigwirizano a kumpingo kwathu, anzawo a malemu, amene anaimba nawo kwaya zaka zambiri. Mmodzi wa iwo, wachikulire, anandisisita pamsana n'kunena kuti, “Musalire kwambiri, inu ndiye munawasangalatsa. Atabwerako kwanu kuja sitinapume nayo nkhani ya tambala amene munawaphera. Ankati msuzi wake unawatsegula kukhosi, ndipo nthutumba munawaikira m'mbale yawoyawo.”

Ena onse anavomera. Wina anati amayi anafotokoza mpaka mtundu wa tambalayo, kuti anali wakuda. Wina anati anawauza kuti ana awo aakazi azitengera chitsanzo kwa ine. Misozi inkangotsika, iwo n'kumaganiza kuti ndikulira maliro chabe.

Kwathu munthu akabwerako kwa mwana wake amafunsidwa kuti anakulandirani bwanji, ndipo aliyense amadziwa kuti funsolo likunena za nkhuku. Amayi anga anali munthu woopa bodza. Tili ana ankatikwapula pa bodza kuposa pa kuswa mbale. Koma atafunsidwa za ine, anasankha kunama kusiyana n'kuti mwana wawo atchedwe woumira. Anandiveka ulemu umene sindinaugwirire ntchito, ndipo ndikuuvala mpaka lero, chifukwa ndinalibe mphamvu zowauza azimayi aja zoona. Amene ankadziwa ndi amuna anga okha, ndipo Mulungu awadalitse, sananditonzepo nazo ngakhale kamodzi.

Nkhuku zinachuluka, inde. Khola tinakulitsa, mazira ana amadya, zina timagulitsa pamsika. Koma tsiku limene zinapitirira chiwerengero chija sindinamve kanthu. Ndinaima pafupi ndi khola ndi mbale ya gaga m'manja, n'kudzifunsa kuti ndinkazisungira ndani. Ndimawasowa amayi anga, ndipo ndimachita manyazi, ziwirizi zimabwera pamodzi nthawi zonse.

Tsono inu amene mukuyamba kuweta, mangani khola labwino, perekani katemera, tetezani anapiye. Musadye mbewu yonse, zimenezo n'zoona. Koma nkhuku imodzi siigwetsa khola. Thadzi limaikiranso, anapiye amaswanso, pamene kholo lanu likachoka pakhomo panu simudziwa ngati lidzapondaponso. Musadikire kuti akupempheni, sadzapempha. Akangoti yakula bwino, dziwani kuti anena zonse.

Ngati amayi anu kapena bambo anu akadali moyo, musawaikire tsiku lakutsogolo monga ndinachitira ine. Gwirani yonenepa sabata ino, muwaphikire ndi manja anu, mukhale nawo pansi mpaka amalize kudya. Akabwerera kwawo anthu akawafunsa, ndipo asakavutike kukupekerani mbiri yabwino.