Nyanga ya Njinga ya Ba Mwila

Ntchito ya m'shopu ndinaipeza ndili kale ndi imvi. Zaka zonse za mphamvu zanga ndinkakonza njinga kuseri kwa City Market, njinga zakuda zachitsulo za ogulitsa makala. Kumeneko mmisiri ankadziwika ndi kulimba kwa dzanja. Ukamamanga nati mwini njinga amaima pomwepo, ndipo ukapanda kulowetsa paipi kumchira kwa sipanala n'kukanikiza mpaka chitsulo chilire, amati wamunyenga. "Mangani maningi, ba mudala," ankatero, "njila ya ku Chongwe si ya masobela."

Ba Sakala a kutchalitchi kwathu ku Chilenje, amene anandiphunzitsa kuwerenga m'kalasi ya akuluakulu ndili ndi zaka makumi anayi, ndiwo anamva kuti ku Woodlands kuli shopu ya njinga zamasewera ikufuna munthu wodziwa kuluka masipoko. Ndinapita nditavala malaya a Lamlungu. Mwini shopu, Ba Chanda, sanafunse pepala lililonse. Anandipatsa wilo lopindika n'kukakhala pampando. Nditaliwongola analizunguza, n'kundiuza kuti ndiyambe Lolemba.

Tsiku loyamba anandionetsa chipangizo chomangira mabawuti moyeza, chotchedwa toki renchi. "Muona nambala ili pafupi na bawuti, muika yamene iyo apa. Ikalila kuti 'ka', mwaleka," anatero. "Kaboni si nsimbi, ba Zulu. Siipindika, ing'ambika mukati." Kaboniyo ndi chinthu chakuda chopepuka chimene amaumbira njinga zodula. Ndinavomera ndi mutu. Koma manambala a pachipangizocho anali aang'ono ngati nyerere, m'mizere iwiri, ndipo sindinamvetse mzere woyenera. Munthu wophunzira mochedwa amachita manyazi kufunsa kawiri. Ba Chanda akachitchera okha ndinkachigwiritsa ntchito. Akatuluka ndinkatenga kasipanala wamba kokhota kotchedwa aleni kiyi n'kumanga ndi dzanja langa, monga ndinazolowera. Kwa chaka chathunthu palibe chinathyoka.

Ba Mwila anali mayi wa ku Kitwe wogwira ntchito muofesi m'tauni, wokhala ku Kabulonga. Ankachita mpikisano wa patatu: kuyamba kusambira, kutuluka m'madzi n'kupalasa njinga mtunda wautali, kenako kuthamanga. Anaitanitsa njinga ya mpikisanowu kuchokera kunja kudzera m'shopu mwathu, ndipo anaidikira miyezi. Tsiku limene katoni inafika anathawa kuntchito kudzaona tikuitsegula.

Njinga yotero ndinali ndisanaigwirepo. Ndinkainyamula ndi zala ziwiri. Wilo lakumbuyo linalibe masipoko, linali lotseka ngati chivundikiro cha dramu. Pakati pa hendulo panali nyanga ziwiri zoloza kutsogolo, ndi timapilo tiwiri toikapo zigongono. Wokwera amagona pamenepo, mutu pansi, kuti mphepo isamugwire. Akatero manja ake amakhala kutali ndi mabuleki, ndipo kulemera kwa chifuwa chonse kumatsamira pa nyangazo ndi timabawuti take. Ba Chanda anatha masana onse akuyeza chishalo ndi nyanga kuti zigwirizane ndi thupi la mayiwo. Ine ndinkapereka zipangizo. Ba Mwila ankanditcha ba tata, ndipo ankandiseka chifukwa ndinkaigwira njingayo ngati khanda. "Osayopa, ba tata, siiluma," ankatero.

Lachisanu loti mawa lake mpikisano, anaibweretsa m'mawa. Nyanga yakumanzere inkatsika yokha akadutsa pamabampu. Ba Chanda anali atapita kale kumalo a mpikisano, kudamu kutali ndi mzinda, kukamanga tenti yokonzera njinga. M'shopu ndinali ndekha.

Choyenera ndinkachidziwa chifukwa ndinali nditachiona: kumasula, kupukuta, kupaka mafuta a mchengamchenga oletsa kaboni kuterereka, n'kumanga ndi toki renchi pa nambala faifi. Ndinachitenga chipangizocho, ndinayang'ana mizere iwiri ija, ndinachibweza. Ndinamanga ndi aleni kiyi. Nditakanikiza nyanga ndi chigongono inasuntha pang'ono. Ndinawonjezera. Kenako ndinawonjezeranso, ndipo ndinamva kaphokoso kakang'ono, ngati munthu waponda khoko la mtedza.

Ndinayendetsa chikhadabo mozungulira. Sindinapeze mng'alu. Ndinatulutsa njinga padzuwa, sindinaone kanthu. Ndinadziuza kuti mwina ndi penti. Koma ndinali nditamva, ndipo ndinkadziwa kuti nyanga ina yotero mu Lusaka monse mulibe. Kunena zoona kunali kuwauza mayiwo kuti mawa sapikisana, ndi kuwauza Ba Chanda kuti chaka chonse ndakhala ndikuwanamiza.

Ba Mwila anabwera cha m'ma folo, n'kundilonjera m'chinenero cha kwawo. "Shani, ba tata? Yalimba?"

"Yalimba, ba madamu."

Anaigwedeza ndi manja onse awiri n'kuseka. "Ndiye chifukwa nikukondani. Munipemphelele mailo," anatero, kunena za mpikisano wa mawa lake. Ndinawathandiza kuimangirira padenga la galimoto. Ndinamanga malamba bwino kwambiri.

Sindinagone. Kutacha ndinakwera njinga yanga kupita ku Kabulonga. Nyumba ndinkaidziwa chifukwa ndinakasiyako pampu nthawi ina. Mlonda anatsegula kawindo ka pageti.

"Ba madamu kulibe. Anayenda mailo mumadzulo." Ndiye kuti ananyamuka dzulo lomwelo, nditangowamangirira njinga.

"Nipaseniko nambala yao, ni nkhani ya moyo."

"Nambala sinipasa munthu, ba mudala. Mufuna anichose nchito?"

Ndinamuchonderera kuti aimbe yekha. Anaimba, koma foni inali yotseka. Ndinaimbira Ba Chanda. Sinalowe, kudamuko mafoni amavuta kwambiri kugwira. Ndinaimba kasanu, kakhumi. Ndinakhala pakalavati pafupi ndi geti n'kuyamba kulemba uthenga. Zala zanga n'zazikulu ndipo ndimalemba pang'onopang'ono. Ndinalemba kuti Ba Mwila asakwere, nyanga yakumanzere yang'ambika, ndine ndalakwa. Ndinatumiza. Ndinaganiza zothamangira kusiteshoni, koma ngakhale basi ikanadzaza nthawi yomweyo ndikanafika mpikisano utatha.

Choncho ndinangokhala. Dongosolo la tsikulo ndinkalidziwa, poti Ba Chanda ankalikamba sabata yonse. Ndinkayang'ana nthawi pafoni n'kumati tsopano ali m'madzi. Tsopano akutuluka. Tsopano avala chipewa, akwera. Mlonda anandibweretsera madzi m'kapu, ndinalephera kumwa. Galimoto zinkadutsa, anthu akupita kogula zinthu, wina akutchetcha kapinga kuseri kwa mpanda. Ine ndinali pakalavati ndi foni m'manja.

Ba Chanda anaimba dzuwa litapendeka. "Meseji yanu nayiona manje," anatero. "Tili ku chipatala." Nyanga inathyoka pamtsetse, mayiwo atagona pahendulo ali pa liwiro. Anathyoka fupa la paphewa ndi dzanja, ndipo nkhope inakhulika pa phula.

Lolemba ndinapeza nyangayo ili patebulo, zidutswa ziwiri, m'mbali mwake muli ngati ulusi wakuda. Ba Chanda sanakweze mawu.

"Munasebenzesa toki lenchi?"

"Iyayi."

"Munamvela chinthu pomanga?"

"Ninamvela."

"Kuphwanya ningakukhululukileni, ba Zulu. Naine ninaphwanyapo. Koma munamuyang'ana pamenso, mwakamba ati yalimba." Anandiuza kuti nditenge zipangizo zanga. Sindinapemphe chifundo. Ndinali nditafuna kuteteza ntchito, ndipo inatha ndithu, pamodzi ndi phewa la munthu.

Kuchipatala mlongo wawo wa Ba Mwila anandibweza pakhomo, ndipo sindimuimba mlandu. Ndinapita kugeti kuja kawiri, ndinauzidwa kuti akupuma. Ulendo wachitatu mlonda anati anabwerera kwawo ku Kitwe. Sindidziwa ngati dzanja linachira bwino. Sindidziwa ngati anakweranso njinga. Ba Sakala anandiuza kuti ndilembe kalata, ndipo ndinailemba, masamba awiri, koma ndilibe koitumiza.

Masiku ano ndimakonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi msika wa Chilenje. Za kaboni sizifika kuno. Komabe zinthu zimawonongeka m'manja mwanga nthawi zina, ulusi wa bawuti kudyeka, sipoko kuduka, chubu kutsinidwa. Zikatero sindidikira kuti mtima uyambe kundipezera zifukwa, chifukwa ndinaona kuti umazipeza msanga. Ndimaitana mwini njinga nthawi yomweyo, asanaigwire n'komwe, n'kumuuza kuti ndawononga apa, musakwere. Chimene sindikuchimvetsa ndimafunsa, ngakhale kwa munthu wa msinkhu wa mwana wanga. Ena amakwiya n'kupita kwa mmisiri wina. Ena amaseka kuti mdala uyu amaulula ngati ali pamaso pa abusa.

Ndi mawu ochepa, satenga ngakhale mphindi imodzi. Ndawanena kwa anthu ambiri amene sanali pangozi iliyonse. Kwa Ba Mwila okha ndi kumene sindinawanene.