Vulani zakale

Zaka zija za makuponi a feteleza ndinkaphunzitsa Sitandade 4 pasukulu ina kwa Chulu, pafupi ndi esiteti ya fodya. M'kalasi mwanga munali mtsikana wa matenanti, makolo ake ochokera ku Mulanje, mwana wa mutu wakuthwa zedi. Fodya akayamba kupsa, ana a matenanti ankasowa mmodzimmodzi, kukasoka masamba kuchigafa. Uyu yekha ndinamukakamira. Ndinapita kwa mayi ake katatu, wapansi, mpaka analola monyinyirika kuti azibwerabe kusukulu. Anati bambo ake akufuna manja kufodya, ndiye pakangochitika kanthu, sukulu yathera pomwepo. Mwanayo ndinamuopseza kuti asadzajombe, ivumbe isavumbe.

Sabata ina alangizi a zamaphunziro anatumiza uthenga kuti akubwera kudzandiona ndikuphunzitsa. Mutu wake unali zovala zakale ndi zamakono, ndipo buku linkati ana aone nyanda, nsalu ija ya khungwa la mtengo. Nyanda ndikanaitenga kuti? Mitengo ya mombo inathera m'zigafa kalekale. Ndiye ndinauza ana kuti abwere ndi chiguduli, chikopa cha mbuzi, kaya thumba, adzavale pamwamba pa yunifolomu kuti tiyerekeze anthu akale. Pomwe ndinkanena zimenezi mtsikana uja ndinali nditamutuma kukatenga choko, ndipo mutu wanga wa nkhukuwu sunakumbuke kumuuza atabwerako.

Tsikulo kunacha ndi mvula. Alangizi anakhala kumbuyo ndi cholembera chawo. Phunziro lili mkati, mtsikanayo analowa atanyowa, atavala thumba la feteleza loboola pamutu ndi m'mikono, atamanga chingwe m'chiuno. Ndinakondwa, inu! Ndinamukokera kutsogolo, ndinamuzungulitsa kuti onse aone, n'kunena kuti makolo athu ankavala chonchi asanadziwe telala. Ndinauza kalasi imuombere m'manja. Ndinamuimika kumanzere, mbali ya akale, a mayunifolomu ali kumanja.

Ana anayankha bwino mafunso onse. Kenaka ndinati, “Tsopano vulani zakale, tibwerere ku zamakono.”

Ziguduli zinagwa pansi, zikopa zinagwa, ana akuseka. Mtsikana uja anangoima, manja atagwira chingwe chija. Ndinabwereza mawuwo mokweza, mwaukali ndithu, poti ine sindichedwa kupsa mtima. Apo m'pamene ndinaona phewa lake pabowo la thumba. Mkati munalibe diresi.

Ndinamva pambuyo pake kuti diresi lake limodzilo analichapa chifukwa cha phula la fodya, ndiye silinaume. Thumbalo ndi limene ankavala pothyola fodya. Anathamanga nalo chomwecho poopa mawu anga.

Ndikanatani? Kunena zoona kunali kumuvula pamaso pa anzake. Kukhala chete kunali kumusiya ataima yekha kumanzere. Alangizi ankandiyang'ana. Ndinasankha bodza: ndinati uyu akhale choncho mpaka belu, kuti tizikumbukira zakale. Anaima mphindi zonse zotsalazo, madzi akudontha pasimenti. Ana a m'mudzi sanapusitsike, pakuti ankadziwa bwino ovala matumba. Pofika nthawi yopuma anali atamupatsa kale dzina loti Wakale. Alangizi anandigwira chanza, akuti ndimadziwa kugwiritsa ntchito zipangizo zopezeka pafupi. Ndinachita manyazi mpaka kufuna kulowa pansi.

Mawa lake sanabwere, mkuja wakenso ayi. Loweruka ndinagula diresi pakaunjika n'kupita kuesiteti. Ndinawapeza kuchigafa, iye ndi mayi ake, akusoka fodya, zala zili bii. Ndinagwada, ndinapepesa, ndinalongosola zonse, za choko zomwe. Mayiwo anamvetsera osasiya ntchito.

“Aphunzitsi, mwayankhula bwino,” anatero. “Koma mwana wangayu munamuonetsa kwa alendo ngati chinthu chakale. Musiyeni kuno. Kuno palibe womuseka, tonse timavala zomwezi.”

Ndinamuitana mwanayo kuti anene yekha ngati sukulu akuifunabe. Anayang'ana mayi ake, n'kuyang'ana mulu wa masamba umene unatsala. Anandiyankha mwaulemu, maso ali pansi, kuti madamu pitani bwino, mvula ikubwera. Ndipo anatola tsamba lina.