Chigongono cha Kuwindo

Pa depoti panalibe munthu wosawadziwa a Jekete. Dzinalo analipata chifukwa cha jekete yawo yabulauni imene sankaivula, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Madalaivala anzawo ankati munthuyu anabadwa atavala kale jekete, ndipo azamba anavutika ndi mabatani. Iwo ankangoseka nawo, n'kukwera basi yawo yakalekale ija, yolira ngati chigayo.

Chimene ankabisa ankachidziwa ndi akazi awo okha. M'zigongono ndi m'maondo anali ndi zigamba zokhuthala, zotuwa, zoyoyoka timamba toyera. Zikayamba kuyabwa, munthu wamkulu ndithu ankakhula mkono pachitseko ngati mbuzi. Adokotala anawauza kalekale kuti ndi soriyasisi, nthenda ya khungu yosapatsirana, imene imazilala n'kudzabweranso. Koma zimenezo mungamuuze bwanji munthu wokwera basi? Tsiku lina mayi wina anaona chigamba pamene a Jekete ankamupatsira chikwama, ndipo anapukuta chogwirira chake ndi mpango iwo akuona. Zinawapweteka kwambiri, ndipo jekete inayambira pomwepo.

Ndiye kampani inagula basi yatsopano, yonyezimira, ya mipando yofewa. Bwana anawaitana mu ofesi.

"Basi ija ndi yanu, madala. Zaka zonsezi simunagundepo ngakhale nkhuku. Koma woyendetsa wake azivala yunifolomu, malaya oyera a mikono yaifupi. Jekete ikapume. Mukakana, pali ena akuimezera kale malovu."

A Jekete anafika kunyumba miyendo isakuponda pansi. Anawavinira akazi awo kukhitchini mpaka kugwetsa chivundikiro cha poto. Atakhala pansi m'pamene anakumbukira zigongono, ndipo chimwemwe chinathera pomwepo.

"Ndiye mutani, bambo?" anafunsa akazi awo.

"Tayala sitiligula ndi maso, mayi, timaliyesa pamsewu. Zigongono ndili nazo ziwiri. Ndiyesa mafuta awiri."

M'mawa mwake anagula loshoni wa m'botolo lokongola, wonunkhira maluwa, ndi kachitini ka mafuta olimba opanda fungo. Chigongono cha kuwindo anachipatsa loshoni, cha kugiya anachipatsa mafuta olimba. Ankadzola mothamanga potuluka m'nyumba, khungu lili gwaa, n'kuvala jekete pamwamba pake. Madzulo aliwonse ankaima pagalasi atakweza zigongono ngati tambala wofuna kulira, akazi awo ali woweruza.

Patapita milungu, mpikisano unaoneka kuti watha. Chigongono cha kuwindo chinali chitasalala, mamba atachepa. Cha kugiya chinali chikhalire. A Jekete sanachedwe. Anaponya kachitini kaja m'kabati, n'kubwera ndi mabotolo akuluakulu a loshoni, ndipo anadzipaka ponseponse, m'maondo mong'ambika momwe. Sipanapite nthawi anayamba kudumphadumpha m'chipinda. Khungu linawawa ngati athirapo tsabola, ndipo pofika m'mawa zigamba zinali zitakwiya kuposa kale.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero akazi awo akutenga kachikwama kawo. "Tiyeni ku famase, kogulitsa mankhwala. Safunsa anadya phula."

Mayi wa pa famase anali munthu wodekha, wa magalasi olendewera pamphuno. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu, kenako anawalowetsa kuseri kwa kauntala n'kuwapempha kuti avule jekete. Anaiyang'ana mikono iwiri ija nthawi yaitali.

"Bambo, mkono uwu wada bwanji kuposa unzakewu? Paja mwati jekete simuvula."

A Jekete anakanda m'mutu. Zoona zake zinali zoti basi ikatuluka m'tauni, ankapinda mkono wa jekete wa mbali ya kuwindo, n'kutsamiritsa chigongono panja kuti chipitidwe mphepo. Kumeneko okwera sakanachiona. Wa kugiya, woyang'anana ndi anthu, sankaupinda n'komwe.

Mayi uja anaseka mpaka kuvula magalasi. "Ndiye mwathokoza loshoni pa ntchito ya dzuwa. Kadzuwa pang'ono kamathandiza anthu ambiri a nthendayi, bola lisakuwotcheni. Ndipo mafuta olimba aja munawanamizira. Anadzola ndi jekete, osati inu."

Anawatengera pa shelefu n'kuyamba kuwaonetsa. Loshoni wamadzimadzi amauma msanga, anatero, ndipo zonunkhiritsa zimawawa pakhungu long'ambika. Zigamba zokhuthala zimafuna mafuta olimba kapena kirimu wokhuthala wopanda fungo, ndipo adzoledwe munthu akangotuluka kubafa, khungu lisanaumitse. Madzi osamba akhale ofunda chabe. Anawaonetsanso mafuta ena ofewetsa mamba, koma anati amenewo adikire kaye ming'alu ipole, ndipo chatsopano chilichonse ayambe kuchiyesa pa kamalo kakang'ono. A Jekete analoza kachubu kena kolonjeza kuyeretsa khungu, mayi uja n'kuwabweza dzanja.

"Zimenezo ayi. Komanso musayembekeze kuti mafuta achotsa nthendayi. Amangoigoneka tulo. Zikafalikira, kapena mfundo za mafupa zikayamba kuwawa, pitani kwa adokotala."

Mawu akuti siichoka anawalasa a Jekete, koma anatuluka atanyamula chitini chachikulu cha mafuta olimba ngati mwana wakhanda. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha sichinali chuma chawo. Akazi awo ndi amene anagwira chiwongolero. Ankadikirira pakhomo la bafa chitini chili m'manja, n'kuwapaka pang'onopang'ono, uku akuwamenya zala zikafuna kutokosa mamba. Lamlungu masana ankawakhazika pakhonde kanthawi, mikono yonse iwiri pamtunda, kuti nawonso wa kugiya ulawe zimene unzake unkadya mobisa.

Tsiku la basi yatsopano linafika zigamba zisanathe. Zinali zitaphwa, zitafewa, zosayoyoka, koma madontho akuda ankaonekabe bwinobwino. A Jekete anavala malaya oyera, n'kutambasula dzanja kumene kunkakhala jekete. Anapeza msomali wokha.

"Ndaiviika," anatero akazi awo osatembenuka. "Inali ndi litsiro la zaka."

Pa depoti anzawo anaimba malikhweru. "Ndani uyu? Kodi a Jekete anali ndi mikono?" Wina anayang'anitsitsa zigongono n'kutsegula pakamwa, koma a Jekete anamutsogolera: "Ndi soriyasisi, achimwene, siipatsirana. Yopatsirana ndi nsanje, taonani basi." Onse anafa nacho chiseko. Injini itadzuka mwakachetechete, mtima wawo unadumpha ngati wa mwana.

Koma pampando wakutsogolo panakhala mtsikana wina wovala juzi ya mikono yaitali, kunja kukutentha chonsecho. Ulendo wonse maso ake sanachoke pa chigongono cha kugiya. A Jekete anawamva maso aja ngati singano, n'kukumbukira mayi wa mpango uja. Analakalaka jekete yawo ili m'beseni.

Atafika, anthu onse anatsika, mtsikana uja n'kutsala. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anapinda mkono wa juzi pang'onopang'ono. Panali zigamba zotuwa, zong'ambika, zomwe zija.

"Pepani bambo," anatero chapansipansi, "mumadzola chiyani? Komanso simuchita manyazi?"

A Jekete anazimitsa injini, n'kutembenuka ndi mpando wonse, nkhope ili ngwee.

"Manyazi ndawasiya m'beseni m'mawa uno, mwanawe. Khala pansi, nkhani yake ndi yaitali. Koma yamba wavula juziyo, ukupsa."