Gombosuren ndi Chikwangwani cha Mjigo

Gombosuren, woweta mbuzi, nkhosa ndi ngamila ku chipululu cha Gobi, sanatayepo kanthu chibadwire. Ngakhale msomali wopindika ankati udzagwira ntchito mawa, ndipo mkazi wake Norjmaa anali atatopa nako kumulankhula.

Chaka china bungwe lachitukuko linakumba mjigo pafupi ndi busa lake, n'kuzikapo chikwangwani chachitsulo chachikulu ngati chitseko. Mjigowo unatulutsa madzi mpaka tsiku lojambula zithunzi, kenako unauma gwaa. Norjmaa anabwerera ku chitsime chakale, mtunda wothyola msana, ndipo mwamuna wake anayamba kudikira kuti eni ake adzakumbe wina.

Koma woweta sakhala malo amodzi. Nthawi yosamuka itakwana, anapasula nyumba yawo, hema wansalu zaubweya, n'kumangirira katundu pa ngamila. Chikwangwani nacho anachizula.

"Nanga ichi n'chanu, bambo a Tuya?" anafunsa Norjmaa.

"Ndichisiyire ndani? Mimbulu sidziwa kuwerenga. Chizikatchinga mphepo kwa ana a mbuzi."

Chinatchingadi. Kulikonse kumene ankasamukira, ankachizika pambali pa khola.

Tsono mabungwe awa amasintha antchito ngati masokosi. Nyengo iliyonse kunkabwera nkhope yatsopano kudzaona mmene ntchito ikuyendera. Munthu ankaona chikwangwani chikung'anima patali, n'kuimitsa galimoto, kuchijambula, n'kulowa m'nyumba kukamwa tiyi wamkaka wothira mchere.

"Madzi ali bwanji kuno, achikulire?"

"Ali bwino, mwana wanga. Imwani tiyi."

Mlendo amene wangokhala pansi kumene ungamulandire ndi madandaulo? Gombosuren analeredwa bwino. Iye ankasungira dandaulo lake nthawi ya nyama, koma anthu othamangathamangawa palibe ndi mmodzi yemwe amene anadikirapo kuti nyama ipse.

Pamapeto pake kunabwera mkulu wa bungwelo, mayi Sarangerel, ndipo iwowa anakhazikika. Gombosuren anapha nkhosa yonona, mtima uli m'mwamba. Mlendo atakhuta, iye anakonza kukhosi.

"Amayi, ife kuno tikupempha mjigo."

Mayiwo anaseka mpaka kupukuta misozi. "Inu achikulire mumadziwa kucheza. Dera lanu lokhali lili ndi mijigo inayi, yonse yogwira bwino. Ndabwera kudzakuthokozani ndi kutsanzika. Makina okumbira tawatumiza kale kudera lina kumene anthu akuvutikadi."

Anamuonetsa zithunzi pa foni. China chinali cha kuphiri, china cha kuchigwa, china cha m'chipale chofewa, china cha pamchenga. Pa chilichonse panali chikwangwani chomwecho, ndi Gombosuren ataima pambali pake, akumwetulira mano onse panja. Manyazi anamugwira.

Norjmaa sanakweze mawu pamaso pa mlendo. Anangonyamuka, kutola zigubu zopanda kanthu, n'kuziika pamiyendo ya mwamuna wake.

"Sankhanipo woyandikira pa inayiyo, bambo a Tuya. Ndikufuna kutsuka mbale za alendo."