Chitenje chako ndidakali nacho, Asiyatu

Dzulo mwana wanga amaonera filimu ya ku Korea pafoni. Mufilimumo, mtsikana wina anameta tsitsi n'kuvala yunifomu ya anyamata kuti alowe nawo mpikisano wodumpha. Mwanayo ankaseka, koma ine misozi inali mbwembwembwe, chifukwa ndinakumbuka iwe, Asiyatu mng'ono wanga.

Matipate atangoyamba kumene, wailesi inalengeza kuti akazi tsopano atha kuvala mathalauza, koma ufuluwo sunalowe m'nyumba mwa bambo ku Dwangwa kuno. Tsiku la masewera kusukulu unavala kabudula ndi chipewa cha achimwene, n'kundipatsa chitenje chako. "Tandigwirirani, achemwali, ndikubwera," unatero. Pampikisano wodumpha, bango limene anyamata onse analigwetsa iwe unalidumpha, koma chipewa chinagwa, tsitsi lako loluka n'kuonekera. Bambo anakukoka dzanja pabwalo pomwepo, ine ndili chilili. Chaka chisanathe anakukwatitsa ku Bua, ndipo uchembere woyamba unakutenga. Mantha a tsiku limenelo sanandichoke, moti mpaka lero thalauza sindinavalepo. Wa mufilimu uja anamuombera m'manja. Iwe unati ukubwera, Asiyatu, ndipo chitenje chija ndikukugwirirabe.