Mbuzi za Mayi ndi Galimoto ya Malume

Ndikukumbukira chaka chimene malume anga a Gedioni anagula galimoto, patangopita zaka zochepa chiyambireni matipate. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo chimwalirireni mayi ndinkakhala ndi agogo kufupi ndi Migowi. Inali pikiapu yakale yoyera, ndipo malume ankachita nayo matola, kunyamula anthu ndi matumba a nandolo.

Iwo ankakhala chikamwini kwa akazi awo kutsidya kwa mtsinje. Mwana wawo Eliza tinali naye kalasi imodzi. M'mawa uliwonse Elizayo ankadutsa atakhala kutsogolo, chigongono chili pazenera, ine ndikupatukira m'udzu kuthawa fumbi. Ankafika kusukulu mapazi ali oyera, akununkha petulo, ndipo fungo limenelo ndinkalisirira kuposa mafuta odzola. Ine sindinakwerepo, chifukwa malume ankati kumbuyo n'kwa olipira. Mumtima ndinkafuna tayala litaphulika.

Changa chinali mbuzi zisanu ndi imodzi zimene mayi anasiya. Agogo ankati imeneyo ndiyo fizi yanga ya kusekondale.

Tsiku lina agogo anafunsa malume kuti akadzachita ngozi adzalipira ndi chiyani. Malume anaseka, n'kugogoda kapepala komata pagalasi.

"Amayi, aka ndi ka inshuwalansi. Ngakhale nditagunda ndege, olipira ndi iwowo."

Sanagunde ndege. Tsiku la msika mabuleki anakana, galimoto italemedwa ndi nandolo, n'kukawomba minibasi yatsopano ya munthu wina wamalonda imene inaima pasiteji. Palibe anamwalira, koma minibasiyo inaphwanyika mbali yonse. Nditamva, ndinapita kuseri kwa khola kukamwetulira ndekha. Mawa lake Eliza anabwera kusukulu wapansi, ndipo ndinayang'ana mapazi ake nthawi yaitali.

Kenaka kunabwera kalata. Inshuwalansi imene malume anadula inali yotsika mtengo, ndipo inali ndi malire a ndalama zimene ingalipire. A kampani anapereka zawozo n'kusiyira pomwepo. Khoti linagamula kuti zotsala alipire mwini galimoto. Anagulitsa chiphakasa cha pikiapu, koma sizinakwane.

Akuchikazi anakana poyera. Anati nyumba ndi munda ndi za mayi ake a Eliza, mkamwini anabwera ndi khasu lokha, choncho mlandu wake apite nawo kwawo. Kwawoko kunali kwathu. Malume anafika atanyamula chikwama, n'kukhala pakhonde osayang'ana munthu kumaso.

Patapita masiku atatu kunabwera ogula mbuzi ndi zingwe zawo. Agogo anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Mwanawe, malume akowa ndiwo eni mbumba. Ndiwo adzakuimire pa ukwati ndi pamaliro. Ndiwasiye awalande ndi zovala zomwe?"

"Nanga Eliza wagulitsa chiyani?" ndinafunsa.

Agogo anangokonza duku lawo n'kubwerera kwa alendo aja. Ndinaima pomwepo ndikumva mbuzi zikulira mpaka kumsewu.

Tonse awiri tinakhoza mayeso a Sitandade 8. Eliza anapita kusukulu yogonera konko, atamulipirira malume ake a kuchikazi. Ndinamuona akukwera basi ndi sutikesi yatsopano, ine nditasenza beseni la zitumbuwa. Ndinagulitsa zitumbuwa zaka ziwiri ndisanayambe sekondale yoyendera, ndipo kunena zoona, mpaka lero ndikamva kuti Eliza wakwezedwa pantchito, chakudya sichinditsika bwino.

Chaka chatha amuna anga anagula njinga yamoto ya kabaza. Ndinawakhazika pansi kuti andiwerengere pepala la inshuwalansi mpaka pamene palembedwa malire, n'kuwafunsa kuti zopitirira pamenepo adzalipira ndani. Anaseka, nati abale alipo. Ine sindinaseke. Ndikudziwa tsopano kuti inshuwalansi ikafika pamalire, mlandu umabwerera kwa mwini galimoto, ndipo kwathu kuno iyeyo amapita nawo kwa amayi ake. Kumeneko amayamba kugulitsa za mwana amene alibe womukanira.